Puloti ya Mkazi Wamasiye

Edina ndi Carol anagulitsa malonda moyandikana mu Msika wa Lundazi, ku Zambia, kwa zaka zisanu ndi zinayi. Edina ankagulitsa zitenje zomwe ankakapikula kwawo ku Kasungu kawiri pa mwezi, pomwe Carol, mwana wa konkuno ku Lundazi, ankagulitsa nsapato za salaula. Wina akafuna kuchokapo, mawu ake anali amodzi okha: “Undionereko.” Akatero basi wanyamuka, osawerenga katundu, osabisa kachikwama ka ndalama. Masana ankadyera m’kontena imodzi, ndipo kampando kamene kanali pakati pa mabenchi awo palibe ankakumbukanso kuti anagula ndani.

Zinthu zinayamba kupotoka chaka chimene Carol anayamba za mapuloti.

“Sinigula malo ine, mwandi,” anamufotokozera Edina tsiku lina akupukuta nsapato. “Nipeza munthu wamene afuna kugulitsa, tipangana mtengo, nimupatsa kadipoziti. Tilemba pepala kuti kwa mwezi umozi wogula nizamupeza nine. Nikamupeza, nimuuza mtengo wanga. Mwine wa malo atenga yake, ya pamwamba ni yanga. Mbwenu.”

Edina anaseka mpaka kugwira nthiti. Kugulitsa chinthu chimene sunagule? Anamuuza mnzakeyo kuti tsiku lina adzam’pititsira phala kupolisi. Koma mwezi wachitatu Carol anakhoma malata atsopano panyumba yake. Wachisanu anagula foni yaikulu ngati mbale yodyera. Mvula isanagwe, mwamuna wake anayamba kudzam’tula pamsika pa njinga yamoto yofiira, ndipo anthu omwe kale ankangoti “iwe wa nsapato” anayamba kuvula chipewa n’kumati “ba madamu”.

Pakamwa Edina ankati, “Mulungu ndi wabwino, mnzanga.” Koma tisabise mawu, inali nsanje yeniyeni. Akamva kulira kwa njinga yofiira ija, malovu ankam’wawa. Ndi iye amene anaphunzitsa Carol kunenerera mtengo pamene anabwera mumsika ali wamanyazi. Ndi iye amene anafika Fomu 4, Carol atalekezera giredi seveni. Lero wa giredi seveni ndiye akusainitsa anthu mapepala, wa Fomu 4 ali pakampando kugulitsa nsapato za mnzake, chifukwa “undionereko” uja tsopano ankachokera mbali imodzi yokha.

Si kuti Carol anali womana ayi. Kawiri konse anamuuza kuti, “Tiye tizichitila pamozi, nizakuphunzisa.” Mawu akuti “nizakuphunzisa” amenewo ndiwo anam’baya Edina kuposa malata ndi njinga.

“Ine zitenje zanga zikundikwana,” anayankha motero, akuyalanso chitenje chomwe chinali choyalidwa kale. Sankafuna kuphunzitsidwa. Ankafuna tsiku limodzi lokha loti nayenso afike pamsika atagulitsa puloti payekha, Carol atsegule pakamwa n’kusowa chonena.

Puloti yoti achitire zimenezo anam’tchulira ndi Carol yemweyo, pocheza, monga amachitira munthu ndi mnzake wapamtima. Inali m’mbali mwa msewu wopita cha kwa Kapichila, pamalo pomwe mawaya a magetsi anali atangodutsa kumene. Amene ankalimapo anali mayi wina wamasiye dzina lake Yunike, yemwe ankafuna kudula chigawo cha kumsewu kuti ana ake awiri apitirize sukulu.

“Malo ni yabwino maningi,” anatero Carol. “Koma nkhani yake ifunika pang’ono pang’ono. Kuli ba Mapopa, bakulu bake ba malemu mwamuna wake. Bamdala baja sibathamangisiwa.”

Milungu itatu yathunthu Carol ankapita kwa a Mapopa, lero ndi paketi ya shuga, mawa ndi mankhwala a nkhupakupa za ng’ombe, n’kubwerako wopanda pepala. Edina ankamvetsera n’kumadabwa. Kenaka anafunsa ngati wongocheza.

“Kodi amalima pamenepo ndani?”

“Ni ba Yunike.”

“Ali ndi mlongo wawo wamwamuna?”

“Alipo, ba Danwell. Koma beve nkhani iyi siibakhuza.”

Edina anangoti “oho”, koma mumtima anaseka. Kumudzi kwawo ku Kasungu munda ndi wa mkazi. Mwamuna ndi mkamwini, wobwera, ndipo akamwalira abale ake amalira maliro n’kubwerera kwawo. Mawu omaliza pa nthaka amakhala ndi mlongo wa mkaziyo, atsibweni a ana. Edina ankadziwa ndithu kuti banja la a Mapopa ndi la Angoni, olowola ndi ng’ombe, poti zaka zonsezi sanakhale mu Lundazi atatseka makutu. Koma iye anakwatiwa ndi Mchewa mnzake, ankakhala nyumba ya lendi paboma, ndipo za malowolo ankangozimvera pa maukwati. M’maganizo mwake ng’ombe zinkagula dzina la ana basi, osati dothi limene mkazi walima ndi manja ake. Anaona ngati Carol, ndi nzeru zake zonse zija, akugogoda pakhomo lolakwika. Kum’funsa sakanatha, chifukwa kufunsa kukanakhala kuphunzitsidwa.

Wogula anachita kudzibweretsa yekha. Lachiwiri lina, Carol atapitanso kwa a Mapopa, panafika bambo wina wa jekete ya buluu, fumbi la minibasi ya ku Chipata lidakali m’tsitsi. Anati dzina lake ndi Ezron, mphunzitsi wopuma ntchito, ndipo anamva kuti pali mayi wa nsapato amene amapezera anthu malo. Ankafuna pomanga chigayo, pafupi ndi magetsi.

“Achokapo,” anatero Edina. Akanalekera pomwepo bwenzi nkhani ino kulibe. Koma anayang’ana kumanja, anayang’ana kumanzere, n’kuwonjezera kuti, “Koma timagwira limodzi. Ndipatseni nambala yanu, malo alipo.”

Carol atabwerako madzulo anafunsa ngati kunabwera munthu. Edina anati kunabwera mayi wina wofuna nsapato za mwana, sizinamukwane.

M’mawa mwake Edina ndiye anati “undionereko”. Ananama kuti akupita kuchipatala kukaonetsa dzino, ndipo Carol anamuuza kuti asafulumire, achite zonse bwinobwino. Anamanga pansonga ya chitenje mpamba wake wonse wa ulendo wa ku Kasungu, nakwera njinga ya kabaza. Anayamba wafunsira kwa a Danwell, nawapeza akusoka matumba a chimanga pakhonde. Atawafotokozera kuti wabwera kwa iwo monga mwini mbumba, woyenera kulamula za munda wa mlongo wawo, bamboyo anasiya singano, nawongola msana. Chikwatiwire Yunike panalibe munthu anawafunsapo kanthu za malo amenewo. Anakavala malaya oyera, natsogolera njira.

Yunike anali mayi woonda, wolankhula motsitsa. Anawalandira pansi pa mtengo wa mango, namvetsera zonse manja ali pamiyendo.

“Namva, amama,” anatero. “Kweni ba Carol banati tilindile alamu, ba Mapopa.”

“Mwadikira milungu ingati?” anafunsa Edina. “Sukulu ikutsegulidwa liti? Kodi a Mapopawo ndi amene amagwira khasu pano? Amayi, munda ndi wa mkazi. Kwathu nkhani ngati iyi ikanatha tsiku limodzi. Achimwene anu ndi awa, avomera. Carol ndi mnzanga, koma amachedwa dala kuti mtengo utsike.”

Bodza lomalizali linatuluka losalala moti Edina mwini anadabwa nalo. Yunike anayang’ana mlongo wake. A Danwell anagwedeza mutu mwaulemerero, maso ali pansonga ya chitenje. Edina analemba pepala ndi dzanja lake la Fomu 4, zilembo zoima bwino kuposa za Carol. Yunike anasaina mochedwa, a Danwell anasaina mwachangu n’kukhwatchanso mzere pansi, ndipo dipoziti inalowa m’thumba la malaya oyera aja kuti “isungike bwino”.

Pobwerera Edina sanaone n’komwe mabampu a msewu. Anaimbira a Ezron, natchula mtengo wake, iwo osanenerera kwambiri. Anagwirizana zokaona malowo Loweruka. Masiku awiri otsalawo anakhala pabenchi akumwetulira yekha, akukonza m’mutu momwe adzanenere. Adzadikira nthawi ya chakudya, n’kungoti mwamphwayi, “Paja puloti ija ya kwa Kapichila yatha, ndagulitsa.” Ankafuna adzaone nkhope ya Carol nthawi imeneyo, ndipo china chilichonse ankachiona chochepa. Lachisanu Carol anafika wosangalala, nati ali ndi nkhani yabwino koma aiulula ikapsa. Edina anati nayenso ali nayo yake.

Loweruka anavala chitenje chatsopano chochotsa pa katundu wogulitsa, nabwereka tepi yoyezera kwa kalipentala. Iye ndi a Ezron anatsika pa takisi dzuwa litakwera pang’ono. A Danwell anali atafika kale ndi zikhomo zinayi m’manja, koma sanali kukhoma. Anangoima m’mphepete mwa msewu ngati munthu wodikira basi.

Pakati pa puloti panali ng’ombe. Zinali zoposa khumi, zikudya mapesi mosatekeseka, ndipo pakati pa ng’ombezo panaima bambo wamtali wa imvi, atavala jasi ngakhale kunkatentha, atatsamira ndodo. Yunike anali atagwada chapatali, mutu uli pansi. Pansi pa mango paja panali njinga yamoto yofiira, ndipo pambali pake panaima Carol.

“Monile mose,” anatero bambo wa imviyo. Sanakweze mawu. “Ine ndine Mapopa. Kasi imwe amama ndimwe anjani pa malo ghano?”

Edina anayankha moni, natulutsa pepala lake. Anafotokoza kuti mwini munda wasaina, ndipo mwini mbumba, atsibweni a ana, wasainanso. Analankhula bwino ndithu, mawu osanjenjemera. A Mapopa analandira pepalalo, naliyang’ana kutsogolo ndi kumbuyo, nalibweza mwaulemu.

“Mwalemba makola,” anatero m’Chitumbuka, kuyamikira kuti walemba bwino. Kenaka anatembenukira kwa a Danwell. “Alamu, ng’ombe izi mukuziona? Zinyake zisanu na imoza zinachoka mu khola ili kupita kwa adada banu, pa malowolo ya uyu Yunike. Zinabala kwanu, mwalimila, mwamwa mkaka. Ise tinatenga mkazi, tinamupasa nyumba na munda wa adada bithu kuti alelelepo bana bithu. Sono lelo imwe mwayamba kugulisa dongo la kuno? Yewo. Bwezani ng’ombe, mutenge mlongo wanu, mukamupase munda kwanu wakuti muzigulisa.”

A Danwell anayang’ana zikhomo zawo ngati akuziona koyamba. Anayamba kunena kuti iwo anangoitanidwa, kuti mayi wa ku Malawiyu ndiye anawauza kuti lamulo lili ndi iwo. Za dipoziti sanatchule, ndipo malaya oyera aja tsiku limeneli sanavale.

“Koma amalima ndi iwowa!” Edina anakuwa, akuloza Yunike. “Zaka zonsezi thukuta ndi lawo!”

“Kwanu ni ntheura, amama, ndipo ni makola kwa imwe,” anatero a Mapopa, kuvomera kuti kwawo kwa Edina zili choncho. “Kuno yayi.”

A Ezron anali munthu wophunzitsa ana zaka makumi atatu, wodziwa kuona mkangano usanakule. Anapukuta magalasi awo, napepesa kwa a Mapopa, nauza Edina kuti iwo chigayo cha pamilandu sachifuna. Anakwera takisi yomwe ija n’kumusiya Edina ataima ndi tepi ya kalipentala m’manja.

Apo ndi pamene Carol anayandikira. Edina anakonzeka kutukwanidwa, ndipo akanakonda kutukwanidwa, poti akanabweza. Koma Carol analankhula motsitsa, maso ali pa chitenje chatsopano chija.

“Dzulo bamdala banavomela,” anatero. “Ndiye nkhani yabwino yamene nenze nayo. Banati tidule ya kumsewu, ndalama ziyende ku sukulu ya bana, ba Yunike bankhale pa nyumba yao mpaka imfa. Tenze kuyenda kwa amfumu pa Mande kukatenga kalata. Manje m’mawa uno bamvela kuti alamu bao basaina pepala na ba Danwell kumbali.” Kenaka anakweza maso. “Nenze nifuna iyi ikankhale yako yoyamba, Edina. Wogula ukamupeze ndiwe, ya pamwamba tigabane. Dzino lija linapola?”

Edina anapinda pepala lake lija. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma phula la tsiku limenelo silinam’wawe chifukwa cha mpamba wake wopita ndi a Danwell. Ngakhale pamenepo, ataima pakati pa ndowe za ng’ombe, chimene chinkamudya chinali chakuti Carol wapambananso, ndipo wapambana mokoma mtima, moti munthu sungapeze pomudera.

A Mapopa analamula kuti Yunike ayambe wapita kwawo kufikira akuluakulu a mbali zonse atakhala pansi. Ana atsala, chifukwa ndi a pamudzipo. Yunike sanatsutse. Anadzuka, nasasa fumbi m’maondo, nayang’ana Edina kamodzi kokha.

“Munati munda ni wa mkazi,” anatero, n’kulowa m’nyumba kukamanga katundu.

Edina anayenda wapansi mpaka paboma. Lamulungu sanapite kutchalitchi. Lolemba analimba mtima n’kukatsegula benchi, poti zitenje zotsala zinali zoti zigulitsidwe, ulendo wa ku Kasungu utafa. Carol anafika pa nthawi yake, napereka moni wa “mwauka uli” ngati kwa munthu aliyense, nayala nsapato zake. Sanadandaule, sanauze anthu a mumsika. Edina anadikira tsiku lonse kuti nkhani iyambike kuti apepese, kapena akangane, chilichonse. Sinayambike.

Lachiwiri cha m’ma teni foni ya Carol inalira. Edina anamva kuti ndi za kwa a Mapopa, kuti mkuluyo wavomera kukumana ndi Carol kuti akambe zobweza Yunike panyumba. Carol anatseka foni, natenga kachikwama kake. Edina anawongoka pabenchi, mawu akuti “pita, ndikuonera” ali kale pamilomo. Carol anatulutsa chisaka pansi pa benchi, nafunditsa nsapato zonse, namanga ndi chingwe mfundo ziwiri, napita.

Makasitomala atatu anabwera kudzafuna nsapato tsiku limenelo. Edina anawauza kuti eni ake kulibe.

Lachitatu Carol anabwera ndi munthu. Anali Yunike, atanyamula kachikwama ka pulasitiki. Kwa a Danwell anagonako masiku atatu okha, mlamu wake wamkazi atayamba kuwerenga pakamwa, ndipo Carol anam’tenga kuti azikhala kwake podikira mlandu. Yunike anapereka moni kwa Edina mwaulemu wonse, mopanda mkwiyo, zomwe zinali zoipa kuposa mkwiyo. Carol anakoka kampando kaja kuchoka pakati pa mabenchi, nakaika mbali yake, namukhazika. Anayamba kumuonetsa mitengo, izi za ana ndi zakuti, izi za abambo usatsike kupitirira apa, kachikwama ka chenji kamakhala umu.

Masana anatsegula kontena ija. Munali chinangwa chophika ndi nsinjiro, chomwe Edina ankachikonda, ndipo fungo lake linafika pabenchi ya zitenje. Anadya awiriwo, akulankhula Chitumbuka chofulumira chimene Edina ankangotolapo mawu apa ndi apo. Pena Yunike anaseka pang’ono, kuseka kwa munthu amene sanaseke masiku ambiri.

Itakwana thu koloko njinga yofiira inaima pakhomo la msika. Carol anapukuta m’manja, nanyamuka. Chisaka chija sanachikhudze. Anagwira Yunike paphewa.

“Unioneleko,” anatero, napita osacheuka.

Edina anayang’ana mayi woondayo, wopanda nyumba, wosiyana ndi ana ake, wovala nsapato zobwereka pa mulu wa salaula, mayi amene iye mwini anam’chotsetsa pamudzi ndi pepala la zilembo zokongola. Anayembekeza kuti amva chisoni, ndipo chinalipo ndithu penapake. Koma chimene chinam’dzaza mumtima chinali chakale chomwe chija, chowawa ngati ndulu. Malata, foni ndi njinga zinali zitachoka m’mutu mwake. Ankamuchitira nsanje Yunike chifukwa cha kampando.